Ndege Yopangira Pakhomo Iyambire ku Miyendo

Msodzi akamatsika m'boti pa doko la Senga Bay m'mawa, atasenza thumba la usipa kapena chigubu cha petulo, sadumpha miyendo ili chiwongokere. Phazi likangogunda mchenga mawondo amapinda, chiuno n'kutsika pang'ono, katundu uja n'kufika pansi mofatsa ngati wachita kutulidwa ndi manja. Palibe anam'phunzitsa zimenezi. Thupi limadziwa lokha kuti chopweteka pa kugwa ndi kuima mwadzidzidzi. Asilikali a maparachuti, amene kampu yawo ili komweko ku Senga Bay, amachita kuphunzira luso lomweli mwadala: miyendo pamodzi, mawondo opinda pang'ono, kenako kugubuduka chammbali kuti mphamvu ya kugwa igawikane thupi lonse m'malo mothera pa akakolo. Ndege nayo ili ndi mawondo ake, achitsulo, amene amakaniko amawatcha mashoko. Mfundo yanga ndi yakuti Mmalawi amene akulota kudzipangira ndege pakhomo ayenera kuyambira pamenepa asanathamangire injini ndi mapiko, ndipo boma ndi masukulu a ntchito zamanja ayenera kukumana naye pomwepa, chifukwa mwendo ndi chiwalo cha ndege chimene munthu angachiyese mpaka kuchithyola iye ali chiimire pansi, moyo wake uli wosungika.

Olota zoterezi alipo pakati pathu, ndipo mitu yawo ndi yabwinobwino. Mu 2016 nyuzipepala zinalemba za mmisiri wina wowotcherera zitsulo wa kumudzi kumpoto kwa Lilongwe amene ankamanga helikopita ya munthu mmodzi ndi zitsulo zotola komanso injini ya njinga yamoto, anthu n'kumakhamukira kukaiona. Za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene ali mnyamata anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi ndi zidutswa za njinga, aliyense anazimva. Ku Kasungu komweko, kumene boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserako madroni mu 2017, ophunzira a kuno mothandizana ndi a yunivesite ya Virginia Tech anapanga kandege kopanda munthu kotchedwa EcoSoar, kamene kanauluka makilomita 19 pakati pa chipatala cha Gogode ndi bwalo la ndege la Kasungu. Mu 2019 achinyamata 20 a ku South Africa analumikiza ndege ya mipando inayi ya mtundu wa Sling 4 kuchokera ku zipangizo zobwera m'mabokosi, ndegeyo n'kuuluka kuchokera ku Cape Town mpaka ku Cairo kudzera kuno kwathu. Koma tamverani mafunso a anthu akazungulira ndege yopangidwa pakhomo: injiniyo ndi ya chiyani, ikalira imakupiza mphepo yochuluka bwanji, iuluka liti. Ogwada kuti asuzumire kumiyendo amasowa. Chonsecho walira mvula walira matope. Wofuna kuuluka wafunanso kutera, ndipo kutera kumachitika ulendo uliwonse, kuphatikizapo ulendo umene injini yazima m'malere.

Tiyeni tiwerengere m'matumba a chimanga. Kandege ka anthu awiri, mafuta ali m'thanki, kakhoza kulemera makilogalamu 500, ngati matumba khumi a makilogalamu 50. Woyendetsa waluso amakatsitsa mofewa, koma miyendo sipangidwira tsiku labwino. Imapangidwira tsiku la mwera, pamene mphepo yadukiza mwadzidzidzi ndege ili pafupi ndi nthaka, yonse n'kungoti khu ngati papaya lakupsa. Malamulo amene dziko la America linagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri pa ndege zing'onozing'ono ankati miyendo izipirira kutsika kwa liwiro la mamita 2 mpaka 3 pa sekondi. Mamita 3 pa sekondi n'chimodzimodzi kugwetsa ndege yonse kuchokera pa msinkhu wa masentimita 46, kutalika kwa mpando wokhalira podya. Ngati miyendoyo ndi youma gwa, yongofupika ndi masentimita 2 basi, liwiro lonse liyenera kuthera m'masentimita awiriwo, ndipo mphamvu yomenya zitsulo imafika pa kulemera kwa ndegeyo kuchulukitsa ka 23. Amenewo ndi matumba 230, lole yodzaza, kugwera pa mabawuti owerengeka ndi pa msana wa munthu amene wakhala mkatimo. Miyendo yomweyo ikapatsidwa mpata wofupika ndi masentimita 20, katundu uja amatsika kufika cha m'matumba 23. Ndege ndi yomweyo, kugwa n'komweko, chasintha ndi mtunda umene liwiro lapatsidwa kuti lithere.

Komabe kufupika pakokha sikokwanira. Sipuling'i ili ngati legeni: imasunga mphamvu imene yalandira n'kuibweza pafupifupi yonse. Ndege yotera pa masipuling'i okhaokha imanjanja ngati mpira, kubwerera m'mwamba pamene mapiko ataya kale liwiro, ndipo kugwa kwachiwiri nthawi zambiri kumaipa kuposa koyamba. Shoko labwino liyenera kulandira mphamvuyo komanso kuimeza, kuisandutsa kutentha kuti isabwerere. Mbiri ya miyendo ya ndege ndi mbiri ya kufunafuna zimenezi. Ndege ya abale a Wright ya mu 1903 inalibe matayala, inkatera pa mchenga wa ku Kitty Hawk chokhwekhwereza ngati chileyi. Piper Cub, imene inayamba kupangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, inkadalira zingwe za mphira, timalegeni tambirimbiri tokutidwa ndi nsalu yoluka. Steve Wittman anatulukira mwendo wa chitsulo chimodzi chophwatalala chimene chimapinda chokha, kampani ya Cessna n'kuutenga, ndipo pa mwendo umenewu tayala limakhula pansi chammbali pamene ukutambasuka, n'kumezako gawo la mphamvu. Bernard Pietenpol wa ku Minnesota anaulutsa Air Camper mu 1929, ndege yamatabwa ya injini ya galimoto ya Ford Model A, ndipo mpaka lero anthu amaipanga m'magalaja mwawo, ena ndi zingwe za mphira, ena ndi sipuling'i yoikidwa pa mapaipi awiri olowana. Pamwamba pa zonsezi pali shoko la oyilo ndi mpweya, lotchedwa oleo, limene lili pansi pa ndege zikuluzikulu zotera pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi. Mabuku a uinjiniya amati sipuling'i yachitsulo imapindula ndi theka lokha la mpata umene yafupika, mphira pafupifupi magawo 60 pa 100, pamene oleo imafika 80 mpaka 90.

Mkati mwa oleo mulibe matsenga. Muli paipi yaikulu yotchedwa silinda, yomangidwa ku thupi la ndege, ndi ina yaing'ono yosalala ngati galasi, pisitoni, imene kumunsi kwake kuli tayala. Pansi pamakhala oyilo, pamwamba mpweya wothinikizidwa, ndipo pakati pali kabowo kakang'ono. Tayala likagunda pansi, pisitoni imakwera n'kukankha oyilo kudzera pa kabowoko. Amene anayesapo kukankha madzi mofulumira m'jekeseni akudziwa mmene amakanira: ukakankha mwamphamvu nawonso amalimba, ukakankha mofatsa amadutsa bwinobwino. Kukana kumeneko ndiko kumameza mphamvu ya kugwa, oyilo n'kutentha pang'ono. Mpweya wa pamwamba uja umagwira ntchito ya sipuling'i, kunyamula ndege ikaima ndi kubwezera pisitoni pamalo pake, koma pobwerera oyilo ayenera kudutsanso pa kabowo komweko, choncho ndege sinjanja. Mashoko ambiri alinso ndi kachitsulo kosongoka kamene kamalowa m'bowomo n'kumalichepetsa pamene pisitoni ikukwera. Kunja kuli timikono tiwiri tolumikizana ngati sizasi, toletsa pisitoni kuzungulira, kuti tayala liziloza kutsogolo nthawi zonse.

Kulumikiza chinthu chimenechi ndi ntchito yofuna kudekha, ndipo ndi pamene khalidwe la mmisiri limaonekera. Amayala nsalu yoyera pa tebulo, m'nyumba, zitseko zili zotseka. Amatsuka silinda n'kuunika mkati mwake ndi tochi. Amayendetsa chikhadabo pa pisitoni kuchokera kumwamba mpaka kumunsi, chifukwa kamzere kamene diso silikuona chikhadabo chimakamva, ndipo kamzere kotero kadzadula timphete ta mphira totsekera oyilo. Timpheteto amativiika kaye mu oyilo yemwe adzathiridwe m'shokomo, n'kukulunga tepi pa mazinga a chitsulo kuti tisachekeke podutsa, n'kutikhazika m'ngalande zake popanda kupotoka ngakhale pang'ono. Akatero amalowetsa pisitoni ndi manja, molunjika, osakhoma ndi hamala. Ikakana, ndiye kuti china chalakwika, amatulutsa n'kuyambiranso. Timikono ta sizasi amatimanga kuti tizipinda mosavuta koma osagwedera. Pothira oyilo amalumikiza kapaipi koonekera mkati kuchokera pa valavu kupita m'botolo, n'kumakweza ndi kutsitsa pisitoni pang'onopang'ono, maso ali pa tithovu ta mpweya tikuyenda m'kapaipimo, mpaka titatheratu. Amatseka valavu pisitoni ili yofupikiratu. Mpweya umabwera pomaliza, ndege itaima ndi kulemera kwake pa matayala. Amapopa pang'ono, kugwedeza phiko kuti shoko likhazikike, kuyeza ndi rula gawo la pisitoni limene likuonekera, kupopanso, mpaka muyeso wa pa pulani utakwana mofanana kumanja ndi kumanzere.

Pali misampha iwiri pano imene ndi yathu yeniyeni, chifukwa cha zinthu zimene zimapezeka pafupi m'magalaja mwathu. Woyamba ndi oyilo. Mashoko a ndege zing'onozing'ono ambiri amafuna oyilo wofiira wa mtundu wa MIL-H-5606. Mafuta a mabuleki a galimoto, amene ali m'sitolo iliyonse ya zipangizo pa Kamuzu Road m'tauni ya Salima, amatupitsa ndi kufewetsa timphete topangidwira oyilo wofiirayo, ndipo shoko looneka labwino lero limapezeka litakhala pansi patapita masiku. Msampha wachiwiri ndi wakupha. Mpweya woyenera ndi nayitrojeni wouma, chifukwa sabweretsa chinyezi ndiponso sathandiza moto. Koma botolo la mpweya wothinikizidwa limene mmisiri wowotcherera ali nalo pafupi ndi la okosijeni, ndipo okosijeni akakumana ndi oyilo pa mphamvu yotere amaphulika. Botolo limenelo lisayandikire shoko ngakhale tsiku limodzi. Chimodzimodzi pomasula: mpweya uyambe watulutsidwa wonse nati iliyonse isanakhudzidwe, apo ayi pisitoni imafwamphuka ngati chipolopolo. Ngakhale shoko la sipuling'i wamba lili ndi ukali wake. Sipuling'i yothinikizidwa ikapulumuka m'manja imathyola zala ndi mano, n'chifukwa chake amaithinikiza ndi chida chomangira, ndipo onse a sipuling'i ndi a mphira amaikirapo waya wachitsulo wochingira kuti china chikaduka mwendo usatambalale mpaka mimba ya ndege kukhula pansi.

Chitsulo chenichenicho nacho chili ndi nkhani. Miyendo ya ndege zambiri zopangira pakhomo imapangidwa ndi mapaipi a chitsulo chotchedwa 4130, chosakaniza ndi chromium ndi molybdenum, cholimba pafupifupi kawiri kuposa mapaipi amene timapangira mafelemu a zitseko ndi mabedi. Poti n'cholimba, khoma la paipi limakhala lopyapyala, milimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndege n'kupepuka. Wogwiritsa ntchito paipi ya madzi amakakamizika kuinenepetsa, ndege imalemera, kulemerako kumafuna miyendo yolimba koposa, ndipo mapeto ake ndi ndege yongothamanga pabwalo osanyamuka. Makina owotcherera a ndodo amene ali m'misika yathu amaboola khoma lopyapyala chonchi. Pamafunika moto wa gasi kapena makina a TIG, ndiponso chizolowezi chothira madzi pa chitsulo chofiira kuti chizizire msanga chiyenera kusiyidwa, chifukwa 4130 ikazizira mwadzidzidzi imauma n'kuyamba timing'alu tobisika. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: mzere wowotcherera ukhoza kusalala bwino kunja, penti n'kuwala, mkati muli mng'alu umene ukukula pa kutera kulikonse. Mabawuti nawo ali ndi malamulo ake. A ndege, a mtundu wa AN, amasankhidwa kuti gawo losalala ndilo likhale m'bowo, mazinga akhale kunja, chifukwa mazinga ndiwo malo ofooka ndipo amadya bowo ngati tupa. Pamene bawuti ili pa mfundo yozungulira amaika nati ya mipata pamutu n'kupisamo kapini kopinda, kuti kunjenjemera kwa injini kusaimasule.

Tsono ikani zonsezi m'mbali mwa nyanja ku Salima. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, choncho dzimbiri silithamanga ngati ku Beira kapena ku Nacala, koma chinyezi cha dzinja chimalowabe m'paipi iliyonse yosatsekedwa bwino n'kuidya kuchokera mkati. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala limaumitsa mphira, ndipo zingwe zimene kwina zimakhala zaka zingapo kuno ziyenera kuyang'aniridwa kawirikawiri ngati nsalu yake yayamba kuthetheka kapena zayamba kulendewera. Mchenga ndiye mdani wamkulu wa oleo. Ukamatirira pa pisitoni yonyowa ndi oyilo umakhala ngati sandipepa, kukanda chitsulo ndi kudula timphete, n'chifukwa chake woyendetsa wosamala amapukuta mapisitoni ndi kansalu koyera asananyamuke. Nthaka nayo si ya konkire: makande amang'ambika m'chilimwe n'kumata m'dzinja, chiswe chimamanga kachulu pamene sabata yatha panali posalala, ng'ombe zimasiya mapazi ouma. Kutentha kumapepukitsa mpweya, kotero ndege imafika pansi ikuthamanga kwambiri kuposa mmene ikanachitira m'mawa wozizira wa Juni. Poona zonsezi, ine ndikuti mmisiri wa kuno asathamangire oleo chifukwa chakuti ndiyo yapamwamba. Pa kandege kopepuka, mwendo wa sipuling'i m'mapaipi olowana kapena wa zingwe za mphira, wokhala ndi matayala okulirapo osapopedwa kwambiri, ndi umene angaupange bwino, kuuona mkati ndi maso, ndi kuukonza popanda kudikira katundu wochokera ku Johannesburg.

Apa ndi pamene pali phindu lalikulu loyambira ku miyendo. Phiko lolakwika limadziwika munthu ali kale m'mwamba, ndipo injini yonama ikhoza kulira bwino pansi n'kukazima pamwamba pa mudzi. Mwendo umayesedwa pabwalo. Opanga ndege amachita mayeso ogwetsa: malamulo a ku America aja ankati ndege yaing'ono igwetsedwe kuchokera pa msinkhu wosachepera masentimita 23, ndipo sankafuna kupitirira masentimita 47, malinga ndi kulemera kwake ndi kukula kwa mapiko. Zofunika pa mayeso amenewa zilipo pa Salima: nsanamira zolimba kapena nthambi yaikulu ya mtengo, tcheni chokwezera injini za galimoto, sikelo, matumba a mchenga wa kunyanja, rula, ndi foni yojambula. Thupi la ndege, lopanda mapiko ndi injini, limadzazidwa matumba mpaka kulemera kwenikweni, matumbawo atamangidwa pamalo pamene padzakhale injini, thanki ndi anthu. Pansi amayala malata awiri osalala opakidwa girizi pakati pake kuti matayala athe kutsetsereka chammbali. Pa pisitoni kapena paipi yolowana amamangapo kalamba kothina kamene kadzakankhidwe n'kutsala pamene shoko linafika. Amayamba ndi masentimita 5, kumasula, kuyang'ana, kulemba m'kope, kenako 10, kenako 15. Kalambako kakasonyeza kuti shoko lafika pamapeto penipeni chitsulo n'kugunda chitsulo, sipuling'i ndi yofewa. Kakangosuntha pang'ono, ndi youma. Kanema wa pafoni akaonetsa matayala akunyamukanso pansi, mphamvu sikumezedwa. China chikathyoka, chathyokera pabwalo, ndipo wataya ndi paipi imodzi ndi masiku angapo basi.

Wina anena kuti bwanji osangotenga mashoko a njinga yamoto, poti akabaza amanyamula anthu awiri ndi thumba la mpunga pa msewu wa mabampu wopita ku Lifuwu, mashoko n'kumapirira chaka chathunthu. Funsoli ndi lanzeru, ndipo yankho lake si kukana kwamtheradi, chifukwa shoko la njinga lili ndi zonse ziwiri, sipuling'i ndi oyilo. Vuto ndi muyeso. Njinga, woyendetsa ndi katundu wake sizifika pa kulemera kwa ndege ya anthu awiri, mpata wofupika wa shokolo ndi waufupi, ndipo linapangidwa kuti lizikankhidwa molunjika pakati pa mfundo ziwiri, pamene mwendo wa ndege yotera mphepo ikuomba chammbali umapotoledwa, ndipo nthawi zina tayala limodzi limalandira katundu yense lisanafike linzake. Komanso mashoko ogulidwa pamsika sabwera ndi pepala lonena kuti sipuling'i yake imafupika bwanji pa kilogalamu iliyonse, ndipo awiri ooneka ofanana akhoza kusiyana. Koma zonsezi n'zoyezeka. Ikani shoko choimirira, sanjikani matumba limodzilimodzi, lembani mmene likufupikira. Pa kandege ka munthu mmodzi kopepuka kwambiri, shoko lotere, litamangidwa pa mwendo wa makona atatu umene ukunyamula mphamvu za chammbali, likhoza kupambana mayeso ogwetsa. Likapambana, palibe chifukwa cholinyozera poti linachokera pa kabaza. Likalephera, mbiri yake ya pa msewu wa ku Lifuwu ilibe ntchito.

Ena anena kuti dziko losauka ngati lathu lisataye nthawi ndi ndege za munthu payekha, madroni akukwanira, ndipo African Drone and Data Academy, imene inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020, ikuphunzitsa kale achinyamata. Ndikuvomereza kuti ndege yopangira pakhomo sidzathetsa njala. Koma munthu amene waphunzira kuwerengera mphamvu, kusankha chitsulo, kuwotcherera paipi yopyapyala popanda mng'alu, kumanga nati yosamasuka ndi kulemba zotsatira za mayeso m'kope ndi yemweyo amene tikumufuna pa ngolo za ambulansi zokokedwa ndi njinga, pa mathireyila, pa makina othirira, pa maboti a pa Chipoka. Luso la manja lilipo kale m'mbali mwa nyanjayi. Amisiri okhoma maboti amatabwa amapinda thabwa ndi diso lokha n'kulikhazika osadontha madzi. Chimene ndege imawonjezera ndi mwambo wosakhulupirira diso mpaka muyeso utavomereza. Enanso amati, nyanja ili pomwepa, bwanji osatera pamadzi n'kuiwala za miyendo? N'zoona kuti mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Koma madzi sakhala ofewa kwa chinthu chothamanga, ndipo ndege yotera pamadzi ilibe shoko, thupi lake lenilenilo ndilo limamenyedwa ndi funde. Amene anaona nyanja ya ku Senga Bay mwera utakwiya mu Julayi sangaiyese njira yachidule.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi cha moyo wa anthu. Dziko lino likadali ndi chilonda cha pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ngati ndege yopangidwa ku fakitale, yoyendetsedwa ndi akatswiri, ingathere choncho, nanga ya m'galaja? Mantha amenewa ndi oyenera ulemu, ndipo palibe ayenera kunyamuka ndi chinthu chimene akuluakulu oona za maulendo a ndege sanachione ndi kuchilola. Koma kungoletsa kumasiya mmisiri ali yekha, akumanga mobisa, wopanda womufunsa, mpaka tsiku limene adzayese kuseri kwa mudzi. Maiko amene ndege zopangira pakhomo zili zambiri anasankha njira ina. Ku America, kumene bungwe la Experimental Aircraft Association linayambitsidwa ndi Paul Poberezny mu 1953, munthu amaloledwa kulembetsa ndege ngati wapanga yekha gawo loposa theka, woyendera amaiunika isanauluke, ndipo maola 25 kapena 40 oyamba amaulukira m'dera loikidwa, popanda kunyamula anthu okwera. Ndege za kampani ya Van's zokha, zolumikizidwa ndi anthu wamba, zimene zauluka zinapitirira 10,000. Ngozi zimachitikabe, ndipo kafukufuku wa bungwe lofufuza ngozi la NTSB wa mu 2012 anasonyeza kuti maulendo oyambirira ndiwo oopsa kwambiri. Phunziro lake ndi lakuti chilichonse chimene chingayesedwe pansi chiyesedwe pansi, pamaso pa munthu wodziwa.

Salima ili ndi zambiri zofunika kuti njira yotere iyambike. Pali bwalo laling'ono la ndege, pali Salima Technical College ku Senga Bay, pali asilikali odziwa za kutera, ndipo Lumbadzi, kumene kuli amakaniko a ndege enieni, si patali. Sukulu ya ntchito zamanja ikhoza kuimika nsanamira zogwetsera ndi sikelo pa mtengo wochepa, n'kuuza mmisiri aliyense wolota ndege kuti abwere ndi miyendo yake yokha choyamba. Woyendera wa boma akhoza kubwera pa tsiku loikika kudzaona mayeso ndi kusaina m'kope, ndipo chilolezo chopitiriza ku mapiko chizidalira kope limenelo. Ophunzira a umakaniko ndi owotcherera angaphunzire zambiri poona mwendo ukugwetsedwa, kuposa zimene angamve pa bolodi. Ndipo mayeso asathere pa kugwetsa komaliza. Mwendo umene waoneka kuti wapirira umamasulidwa wonse, penti ya pa mfundo zowotcherera n'kupalidwa, mfundozo n'kuunikidwa ndi galasi lokulitsa. Mabowo amayezedwa ngati akadali obulungira kapena ayamba kutalika ngati dzira. Bawuti iliyonse imapukutidwa n'kugubuduzidwa pa galasi la zenera logonekedwa pa tebulo. Yowongoka imayenda mwakachetechete mpaka kumapeto. Yopindika, ngakhale pang'ono pamene diso silingaone, imayenda motsimphina ikugogoda galasi, ndipo ikatero mmisiri amabwerera ku pulani kukafufuza chimene chinaipinda asanagule ina.